Zimene ndinalephera kunena Lamulungu lapitali

 Lamulungu lapitali ndinaimirira kutsogolo n'kuyamba kunena za mayi anga, kenako mawu anandithera pakhosi, oimba n'kundipulumutsa ndi kolasi. Chichokereni tsikulo foni yanga sikupuma. Ena mukufunsa ngati mayi atisiya. Ayi, alipo, pano ndikulemba ali pakhonde akuothera dzuwa. Ena mukuti, abusa, kwenikweni mumafuna kunena chiyani? Ndiye ndati ndilembe zonse. Nkhaniyi ndi yaitali, ngati bandulo yatsala pang'ono isungeni mudzawerenge madzulo. Koma chonde musathamangire kulemba Ameni musanafike kumapeto.

Mayi anga kwawo ndi ku Phalombe. Bambo anamwalira ndili Fomu 2, ndipo amene anandifikitsa Fomu 4 ndi mayi, ndi ndalama za nandolo ndi zitumbuwa zimene ankakazinga m'bandakucha. Mayeso a Fomu 4 sanandiyendere, sindibisa, ndipo kusukulu ya ubusa sindinapondeko. Zimene ndikudziwa ndinaziphunzira pa maondo, ndi m'Baibulo limene mayi omwewo anandigulira. Iwo ndi a CCAP, mayi wa Mvano weniweni, wa bulauzi yoyera ndi duku loyera. Nditabadwa mwatsopano n'kuyamba kusonkhanitsa anthu m'kalasi ya pulayimale, anabwera kudzaona. Titaweruka anangoti, "Mulungu ndi yemweyo mwanawe, kungoti inu mumamuyankhula ngati ndi wogontha." Tinaseka. Sananditchingepo njira, ndipo akakhala pa anzawo amanditchula kuti abusa, monyadira.

Mu 2019 anawapeza ndi BP pachipatala chaching'ono cha kwathu. Anawapatsa mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse, ndipo ankawasunga m'kachitini. Mayi ndi munthu womvera, sankadumphitsa.

Kenako kunabwera namondwe Freddy mu Malichi 2023. Amene muli kuno kummwera simufunika kukumbutsidwa. Munda wa mayi unasanduka mchenga ndi miyala, chipupa chimodzi cha nyumba chinagwa. Tinayamika kuti moyo unatsala, chifukwa ena anapita ndi madzi. Ndinakawatenga kuti adzakhale nafe kuno, kachitini kawo kali m'chikwama.

Mu Julayi chaka chomwecho tinali ndi chitsitsimutso cha masiku atatu. Ambiri a inu munalipo. Usiku womaliza ndinaitana odwala kutsogolo, ndipo nditakweza maso ndinaona mayi anga ali pamzere. Abale, mtima wanga unadumpha. Mayi wa Mvano uja wabwera yekha kuti mwana wake amusanjike manja! Ndinawapempherera, ndiye m'malo moti ndilekere pomwepo ndinatenga maikolofoni n'kufuula kuti, "Awa ndi mayi anga ondibereka, BP yawo yatha lero!" Tchalitchi chonse chinagwedezeka ndi nthungululu. Ndiye pakutentha kwa nthawiyo ndinawonjezera mawu amene mpaka lero amandidzutsa usiku. Ndinati wochiritsidwa sayenda ndi mapiritsi m'chikwama. Vidiyo yake inali pa peji pano, ena munaigawa kwa anzanu. Ndinaichotsa, koma m'makutu mwa anthu sindingathe kuichotsa.

Sindinawauze mayi maso ndi maso kuti siyani mankhwala. Kwa miyezi yambiri ndakhala ndikudzitonthoza ndi mfundo imeneyi, ngati loya. Koma zoona zake n'zakuti kachitini kaja ndinkakaona pawindo la kuchipinda kwawo, katayamba kutuwa ndi fumbi, ndipo ndinkasangalala. Mayi akunyumba anandifunsa kamodzi kuti, "Bambo, kodi agogo asiyadi kumwa? Osakawayezetsa kaye?" Ine ndinayankha kuti taonani mmene akuyendera, akuoneka ngati odwala amenewa? Ndipo zoonadi ankasesa, ankaphika, mutu sunkawapweteka.

Chimene sindinkadziwa, chimene namwino wina anadzandifotokozera zitavuta kale, n'chakuti BP nthawi zambiri simapweteka. Munthu amayenda, amaseka, amapita kumunda, koma mkatimo mitsempha ikuphwanyika pang'onopang'ono. Mapiritsi aja sachotsa matendawo, amangowagwira kuti asakwere. Ukasiya, sikuti mawa lomwelo ugwa ayi. Ungathe kukhala miyezi ukuchitira umboni kuti ndachira.

Mayi anakhala miyezi itatu. Lachiwiri lina kumapeto kwa Okutobala, cha m'ma 6 koloko m'mawa, ndinamva kapu ikugwa pabalaza. Nditatuluka ndinawapeza atapendekera pampando, pakamwa patakhotera mbali imodzi, dzanja lamanzere lili lende. Ankayesa kunditchula koma mawu ankangotuluka ngati a munthu amene wadzaza madzi m'kamwa.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatseka chitseko. Ndinatenga mafuta, ndinawadzoza, ndinaitana amayi awiri opembedzera amene ndinkadziwa kuti sangaulule, n'kuyamba kudzudzula. Tinapemphera m'malilime, tinamanga, tinamasula. Mayi akunyumba anandikoka malaya katatu konse kuti tiyeni kuchipatala. Ine ndinkati musalowetse mantha m'nyumba muno. Mukanandiona mukanati, aaa, munthu wa chikhulupiriro uyu. Koma Mulungu amene amaona mkati akudziwa kuti wamantha ndinali ine. Sindinkaopa imfa ayi. Ndinkaopa maso a anthu oyandikana nawo nyumba. Abusa aja analengeza pa maikolofoni kuti BP yatha, lero anyamula mayi awo kuwaika m'galimoto? Pemphero langa la tsiku limenelo linali chinsalu chobisira manyazi anga.

Cha m'ma 1 koloko masana mayi akunyumba anatuluka osanditsanzika. Anabwera ndi bambo wina wa pafupi nafe amene ali ndi kagalimoto, munthu amene sapondako kutchalitchi, amene ineyo ndinamugwiritsapo ntchito ngati chitsanzo cha chidakwa mu ulaliki. Iyeyo ndi amene ananyamula mayi anga m'manja mwake. Ndalama ya mafuta anakana.

Kuchipatala dokotala wake anali mnyamata, mwina msinkhu wa mng'ono wanga. Anandifunsa mafunso awiri okha. Zayamba nthawi yanji? Ndinati m'mawa. Anayang'ana wotchi, sanayankhule. Mapiritsi a BP amamwa? Pamenepo ndinayang'ana pansi. Mayi akunyumba ndi amene anayankha kuti anasiya mu Julayi. Mnyamatayo sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangoti ndi sitiroko, ndipo pa matenda amenewa ola lililonse limene munthu wachedwa pamakhala china chimene chikuwonongeka m'mutu. Mundimve bwino inu amene mukusunga makolo: mukaona pakamwa pakhota, dzanja kapena mwendo wafooka mbali imodzi, mawu akukanika, musadikire. Pempherani muli m'galimoto. Mulungu amamva ngakhale injini ikulira.

Mayi anagonekedwa masabata atatu. Tsopano ndikuuzeni za ndalama, chifukwa matenda sabwera okha, amabwera ndi mphwake. Chipatala cha boma salipiritsa bedi, n'zoona, ndipo tikuthokoza. Koma amene anakhalapo gadiyani akudziwa kuti ndalama imatuluka ngati madzi m'dengu. Sikani ya mutu, yoti aone ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika, tinakalipira kwina, ndipo inatenga ndalama yofanana ndi lendi yathu ya miyezi iwiri. Mankhwala ena ankatilembera kuti tikagule. Matewera a akuluakulu tsiku ndi tsiku. Sopo, makala, ufa wa phala, thiransipoti ya ine kupita ndi kubwera kawiri patsiku. Ku wodi ya amayi mwamuna sagona, ndiye mayi akunyumba ndi mlongo wanga ndi amene ankasinthana, kugona pansi pa chitenje, kudzuka usiku kuwatembenuza mayi maola awiri alionse kuti asachite zilonda. Bizinesi ya kaunjika ya mayi akunyumba inaima, mpamba wake tinadya wonse.

Tili m'chipatala momwemo, mu Novembala 2023, boma linagwetsa kwacha ndi 44 peresenti. Ine za chuma sindizidziwa, koma ndinazimva m'thumba. Paketi ya matewera imene ndinagula sabata ino, sabata yotsatira mtengo wasintha. Minibasi yakwera, shuga wakwera, mafuta ophikira akwera. Ndipo chopereka kutchalitchi chinatsika, chifukwa amene amapereka ndi anthu omwewo amene akulira pamsika.

Ndinali ndi njinga yamoto imene mnyamata wina ankandiyendetsera kabaza, ndiyo inkatidyetsa pakati pa sabata. Ndinaigulitsa mothamanga, pamtengo wolira. Mayi akunyumba anakatenga ngongole ku banki m'khonde. Mng'ono wanga wa ku Joni anatumiza kangachepe, nayenso maganyu anali atamuvuta. Mayi atatuluka m'chipatala kunayamba mafizo, kawiri pa sabata, ndipo munthu wosayenda sungamukweze minibasi, pamafunika galimoto yahayala. Fizi ya mwana wathu woyamba inali isanathe. Apa ndi pamene ndinapita kwa munthu wa katapila, usiku, ngati Nikodemo. Ndinatenga K200,000 kuti pakutha pa mwezi ndibweze K300,000, chikole chake filiji ya m'nyumba. Ine amene ndinkalalikira kuti mwana wa Mulungu sakongola.

Nanga Lamulungu? Lamulungu ndinkavala suti yanga ya buluu, nsapato zopolisha, n'kuima pa guwa kunena kuti zonse zili bwino. Mukandifunsa za mayi ndinkati ndi kamayesero kakang'ono, tagonjetsa kale, musavutike kubwera akufunika kupuma. Ena munamva mphekesera, munafuna kudzazonda, ndinakutsekerezani ndi mawu auzimu. Ndikupepesa. Ndinkatuluka m'tchalitchi ndikumwetulira, ndikafika kunyumba ana adya phala lopanda shuga.

Achibale nawo sanachedwe. Amalume anabwera kuchokera kumudzi n'kunena kuti zimenezi si matenda wamba, munthu wabwinobwino pakamwa pangakhote bwanji, alipo amene wachita, tiyeni tikaombeze. Ndinakana, tinakangana, anabwerera osadya nsima. Wachibale wina anandiuza za mneneri wina amene akuti ukafesa mbewu ya ndalama yakutiyakuti amakuona pawekha, ndipo olumala amataya ndodo. Ndinapsa mtima. Ndinati anthu amenewa akudyera pa misozi ya odwala. Koma ndili m'minibasi pobwerera, funso linandibwerera lokha: iweyo usiku uja wa Julayi, unkafuna chiyani pa mayi ako? Ndalama sunatenge, inde. Koma nthungululu zija unazilandira.

Mu Disembala ndinakwera phiri kukasala masiku asanu ndi awiri. Ndinapita ndi mndandanda. Mayi ayende pasanafike Khirisimasi, ngongole ithe, adani achite manyazi. Ndinalamula, ndinalengeza, ndinakumbutsa Mulungu ntchito zonse zimene ndamugwirira. Kumwamba kunali zii. Tsiku lachinayi mawu anandithera, ndinangokhala pamwala mvula ikuwaza, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinamukwiyira Mulungu. Ndinati mwandichititsa manyazi. Taonani pemphero limenelo. Mayi anga ali gone sakutha kudzikanda okha, ine ndikudandaula za manyazi anga.

Poti ndinalibenso choyankhula, ndinatsegula Baibulo n'kumangowerenga. Ndinafika pa 2 Mafumu 20, nkhani ya mfumu Hezekiya. Ndailalikirapo kambirimbiri: anadwala, mneneri Yesaya anamuuza kuti akonzekere kufa, anatembenukira kukhoma, analira, Mulungu anamuwonjezera zaka 15. Nthawi zonse ndinkalekera pamenepo chifukwa ndi pamene anthu amaimirira. Koma tsiku limenelo ndinapitirira, n'kuona kuti Yesaya yemweyo, atangobweretsa uthenga wa machiritso, analamula kuti atenge nkhuyu aike pa chithupsa cha mfumuyo. Mneneri wamkulu ngati Yesaya sanaone kuti nkhuyu zikuchotsa ulemerero wa Mulungu. Lonjezo linabwera, mankhwala anapakidwa, munthu anachira, ndipo palibe pamene Mulungu anadandaula. Vesi imeneyi inalimo zaka zonsezi. Ine ndi amene ndinkaidumpha. Ndinatsika phiri tsiku lachisanu, kusala kusanathe, ndipo mayi ndinawapeza mmene ndinawasiyira.

Mwezi unatha, wa katapila anayamba kuimba. Ndinalibe. Anati ndipereke chiwongoladzanja chokha, ngongole iyambirenso. Kenako anati akubwera ndi anyamata kudzanyamula filiji, ndipo abwera Lamulungu kuti anthu anga aone. Usiku umenewo sindinagone. Maganizo anga anapita pa ndalama ya malata. Mukukumbuka tinkasonkha kuti tifolere tchalitchi, ndipo inali itafika K650,000, ili m'manja mwa msungichuma wathu. Satana sabwera ndi nyanga, abale. Anabwera ndi mawu aulemu: ungobwereka, udzabweza, ndani adziwe, paja tchalitchichi unayambitsa ndiwe. Ndinakonza ngakhale mawu okanena. Ndinati ndikawauza kuti Ambuye andiyankhula kuti ndalamayi tiisunthe kaye pa ntchito ina imene ndidzaifotokoza nthawi yake. Ndinkadziwa kuti ndikangoti Ambuye andiyankhula, mkuluyo sangafunse.

M'mawa ndinapita. Msungichuma wathu mumawadziwa, bambo wachikulire, wosayankhulayankhula, amene anagwira ntchito ya ulonda moyo wake wonse. Anandipatsa mpando, mayi a kunyumba kwawo anabweretsa tiyi ndi mbatata. Ndisanatsegule pakamwa anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abusa, mayi ali bwanji? Koma lero mundiuze zoona." Mawu ndinakonza aja anauma. Ndinayesa kuwafuna, osawapeza. Chimene chinatuluka ndi kulira, kulira kwenikweni kwa mwana, mamina ndi misozi, pamaso pa nkhosa yanga. Ndinawauza za njinga, za katapila, za filiji. Ndinawauzanso chimene ndinabwerera, ndi bodza limene ndinakonza kuliika m'kamwa mwa Mulungu.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ya malata siituluka, abusa. Si yanu, si yanganso." Ndinagwedeza mutu. Ndiye anapitiriza: "Koma mwatilakwira. Inu mumabwera m'nyumba zathu tikadwala, maliro athu mumagona nawo panja. Ife mwationa kuti ndife osayenera kulowa m'nyumba mwanu? Mutu umodzi susenza denga." Kenako mlonda wopuma uja anandilalikira ine. Anandikumbutsa Yohane 19, kuti Ambuye Yesu ali pamtanda, manja atakhomedwa, anayang'ana mayi ake n'kuwapereka kwa wophunzira wake kuti akawasunge. Anati, "Mwini wake wa kumwamba ndi dziko anapempha mnzake kuti amusungire mayi, pagulu, anthu akumva. Inu ndinu ndani?" Zaka zonse ndakhala ndikuwerenga ndime imeneyo sindinaionepo motero.

Anandipempha chilolezo choti akauze akuluakulu a mpingo, ndinavomera mutu uli pansi. Zimene zinatsatira ambiri mukuzidziwa chifukwa munazichita ndinu. Amayi anagawana masiku, awiriawiri, kudzasambitsa mayi ndi kuchapa kuti mayi akunyumba apumeko. Wina anabwera ndi ndowa ya ufa, wina sopo, wina mtolo wa nkhuni. Mayi wina wamasiye amene amagulitsa tomato pamsewu anandipatira K1,000 yopindapinda m'manja n'kuthawa ndisanathokoze, ndipo ndalama imeneyo inandilemera kuposa zonse. Achinyamata anapeza wilitcheya yakale n'kuikonza. Bambo wa kagalimoto uja anati masiku a mafizo tizingothira mafuta. Amayi a Mvano a mpingo wa CCAP wa kuno atamva kuti mnzawo ali gone, anabwera ndi yunifolomu zawo kudzaimba pabalaza pathu, mayi anga akutsatira ndi milomo yokhota, misozi ikutsika mbali imodzi. Akuluakulu a mpingo anapita okha kukakambirana ndi wa katapila. Sanakhululuke ngakhale tambala, musaganize kuti ndikuuzani kuti anagwa pansi n'kulapa. Tinamubweza K400,000 yonse pamodzi, pang'onopang'ono, mpaka Malichi. Koma filiji ilipo, ndipo Lamulungu lija sanabwere.

Komabe panali chinthu chimodzi chimene ngakhale msungichuma sindinamuuze: nkhani ya mapiritsi. Imeneyo ndinaikwirira pansi penipeni.

Tsiku lina mu Febuluwale ndinatsala ndekha ndi mayi. Mawu anali atayamba kubwerera, pang'onopang'ono, ofuna kutchera khutu. Ndinkawamwetsa phala ndi sipuni, monga ankandichitira ine kalelo. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo ine mwambi umenewu ndinaumvetsa ndikuyang'ana mwendo wa mayi anga utaonda ngati ndodo. Ndinaika mbale pansi, ndinagwada, n'kunena kuti, "Mayi, ndinakulakwirani. Munasiya mankhwala chifukwa cha mawu anga. Tsiku lija ndinakuchedwetsani dala chifukwa cha manyazi. Mundikhululukire."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndi dzanja lamanja, lamoyo lija, anandigwira khutu ngati mmene ankachitira ndikaba zitumbuwa. Anayankhula mawu amodziamodzi, ndipo ndinawamva onse. Anati, "Ndinkadziwa kuti sindinachire. Ndinasiya kuti anthu ako asakuseke."

Abale, ndalalikira zaka zoposa khumi, koma palibe ulaliki umene unandithyola ngati umenewo. Ine ndinkaganiza kuti mayi anasiya mapiritsi chifukwa cha chikhulupiriro. Ayi. Anasiya chifukwa cha ine. Mayi yemwe uja anakazinga zitumbuwa kuti ndiphunzire anaikanso moyo wake pachiswe kuti dzina la mwana wake lisanyozeke pa guwa. Ndinalira pamiyendo pawo. Iwo anangoti, "Basi, phala lizizira."

Mwina mukufunsa kuti nanga bwanji ndakhala chete nthawi yonseyi, n'kudzayankhula pano. Ndinkadziuza kuti Mulungu wakhululuka, mayi akhululuka, nkhani yatha. Koma masabata awiri apitawo, titatha mapemphero, munthu wina anandipeza pambali nkhope ikuwala. Anandionetsa botolo la mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku n'kunena kuti, "Abusa, lero ndamva kukhudzidwa, awa ndikukataya m'chimbudzi. Paja munanena kuti wochiritsidwa sayenda ndi mapiritsi." Mawu anga omwe, a Julayi 2023, akuyendabe m'mitima ya anthu ngati njoka imene ndinaiweta ndekha. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza nkhani yonseyi, ndipo botolo analibweza m'chikwama. Koma ndinadzifunsa kuti ndi angati ena amene anamva mawu aja, amene sanabwere kudzanditsanzika?

Ndiye ndikunena pano poyera, monga ndinanenera poyera usiku uja. Mawu aja sanachokere kwa Mulungu. Anachokera kwa ine, ndipo ndikuwabweza. Ngati mumamwa mankhwala a BP, a shuga, a khunyu, ma ARV, a TB, kaya ena alionse, ndipo munasiya chifukwa cha ine, chonde mawa m'mawa mubwerere kuchipatala mukawauze zoona kuti munasiya liti. Musachite manyazi, manyaziwo ndi anga.

Ndikudziwa kuti abusa anzanga ena awerenga izi n'kunena kuti munthuyu wazilala, moto wamuthera. Nenani. Ine ndimakhulupirirabe kuti Yesu amachiritsa, ndaonapo ndi maso angawa zinthu zimene sindingazifotokoze, ndipo Lamulungu likubwerali ndidzaitanabe odwala kutsogolo ndi kuwasanjika manja. Koma mukamva kuti mwachira, pitani mukayezetse, dokotala anene yekha. Ambuye Yesu atakumana ndi akhate khumi aja pa Luka 17 anawatumiza kwa ansembe, amene nthawi imeneyo ndiwo ankayang'ana munthu n'kutsimikiza kuti khate latha. Chozizwitsa chenicheni sichiopa kuyezedwa. Ndipo Paulo amene, munthu amene Mulungu anamugwiritsa ntchito kuchiritsa ambiri, analemba yekha pa 2 Timoteo 4 kuti mnzake Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto. Sanabise, sananene kuti akupuma.

Za mayi, sindikunamizani. Sanataye ndodo n'kuthamanga. Pano amadzuka okha pabedi, amayenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, mwendo wamanzere ukukwakwaza. Kubafa amafunabe wowagwira. Dzanja lamanzere silinabwerere, limangokhala pamiyendo zala zitapindika. Usiku uliwonse ndimaligwira, ndimalitambasula monga anatiphunzitsira a mafizo, ndikulipempherera, ndipo sindinasiye kuyembekezera. Kungoti masiku ano sindifuula. Ndimangomuuza Mulungu mmene zilili, masiku ena ndimamuuza kuti ndatopa. Ngongole ya banki m'khonde tinamaliza, koma njinga sindinagule ina, ndipo mwana wathu anakhala pakhomo teremu yathunthu asanabwerere kusukulu. Mayi akunyumba ayambiranso kaunjika ndi kabelo kamodzi. Mkazi ameneyu ndimulemekeze pano pagulu: tsiku lija akanandimvera ine, bwenzi lero tikunena zina. Amalume tinagwirizananso, anabwera ndi nkhuku, ngakhale mpaka pano amati alipo amene anachita.

Ndakambirana ndi akuluakulu a mpingo, ndipo mlongo wathu amene ndi namwino wavomera kuti Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse tikaweruka aziyeza BP kwaulere kuseri kwa tchalitchi. Makina tagula ndi chopereka chapadera, ya malata sitinakhudze. Bwerani ndi makolo anu, ngakhale a mipingo ina, ngakhale osapemphera. Ineyo ndidzakhala woyamba pamzere. Ndiponso Lachinayi amayi akupita kukaona magadiyani kuchipatala, amene muli ndi ufa, sopo kapena chitenje chimene simukuchigwiritsa ntchito mukasiye kwa amayi a komiti pofika Lachitatu madzulo.

Kachitini kaja kalipo. Sikakhalanso pawindo, kamakhala patebulo pambali pa Baibulo, ndipo amene amakatsegula m'mawa uliwonse ndine. Ndimawapatsa piritsi ndi kapu ya madzi, akameza timapemphera, iwo pemphero lawo lachifatse la Chimvano, ine langa. Dzulo nditawauza kuti ndikufuna kulemba nkhaniyi pa Facebook, ndinawafunsa ngati akulola. Anati lemba, koma usaike chithunzi changa ndisanamange duku.

Ndilekere pano, akundiitana. Dzuwa lawafika pamutu, ndikawasunthire pamthunzi.